Bulugamu Amene Bambo Anagwetsa

Nkhani yopita ku Joni ndinaitula kwa bambo pakhonde, kwathu ku Mkhumba, iwo akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Ndinali nditagwirako ntchito ku Limbe, mu ofesi ina yokonza malipiro a anthu pakompyuta, ndipo kampani ina ya inshuwalansi ya ku Joni inkasaka anthu ndi maso ofiira. Chaka cha 2000 chinali pafupi, ndipo aliyense amene anali ndi makompyuta akale ankaopa kuti chikangokwana, makinawo adzasokoneza madeti. Odziwa makina akalewo anali ochepa, mwakuti ngakhale ine Aginesi, mwana wa ku Phalombe, ndinasanduka munthu wosowa. Mtima wanga unali utakwera kale basi. Kwa bambo ndinkangofuna liwu limodzi.

"Ndikuganiza zoti upite," anatero bambo. Atatero anasiya chinangwa chija, natenga chikwanje ndi mwala, n'kuyamba kunola.

Ine ndine munthu wosachedwa kutopa ndi kudikira. Ndimafuna munthu anene eya kapena ayi, ndidziwe pogwira. Koma bambo anga chikhalire anali otero: chinthu chilichonse chachikulu chinkayamba ndi "ndikuganiza", kenako ankakhala pansi kunola kena kake, kaya khasu kaya nkhwangwa, ngati kuti nzeru zawo ankasungira m'mwalamo. M'mawa mwake amayi anathira nandolo m'lichero, nati akukaona alamu awo, akazi a amalume a Fanuwelo, kutsidya kwa khwawa. Atabwerako anandiuza kuti ndichape zovala zanga dzuwa likadalipo, poti munthu sayenda ulendo ndi zovala zonyowa. Madzulo bambo anakhosomola nati, "Agi, ndaganiza. Pita, koma usakaiwale kwanu." Ndinaseka chamumtima kuti munthu wamkuluyu wachita kugona nayo nkhani imene anali ataimaliza kale.

Bambo ndi mkamwini. Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, malo ndi a akazi, ndipo mwini mbumba yathu ndi mlongo wawo wa amayi, amalume a Fanuwelo aja. Kwawo kwa bambo kunali m'munsi mwa phiri la Michesi, kumene makolo awo anafikira pochokera ku Mozambiki. Napolo atatsika m'phiri muja, pamudzipo panatsala miyala yokhayokha, ndipo abale amene anapulumuka anamwazikana. Ine zimenezi ndinkazidziwa, koma sindinkaziganizira. Pakhomo pathu bambo ankayenda ngati mwini. Mango onse anadzala ndi iwo, khola la mbuzi anamanga ndi iwo, ndipo sindinawaonepo tsiku ndi limodzi lomwe akupita kwa munthu kukapempha chilolezo.

Ku Joni ndinafika nthawi yozizira, ndili ndi juzi imodzi ya pakaunjika imene kwathu inkaoneka yokwana. Ndinapeza chipinda m'nyumba yosanja, pamodzi ndi mayi wina wa ku Zimbabwe amene ankagwira ntchito nthawi yosiyana ndi yanga, ndiye tinkangodziwana ndi nsapato za pakhomo. M'takisi ndinaphunzira kutseka pakamwa, chifukwa ukangoyankhula ankadziwa kuti si iwe wa kumeneko, ndipo dzina limene ankatitchula sindifuna kulilemba pano. Lamlungu ndinkapita kutchalitchi kumene kunali Amalawi angapo, ambiri ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa. Akandifunsa za ntchito yanga, ine n'kufotokoza mpaka thukuta, ankangoti, "Oho, mumataipa." Ndinasiya kutsutsa. Kusungulumwa kunandigwira zedi, ndipo ndinkalira, makamaka Loweruka masana, nthawi imene kwathu anthu amakhala akubwera kumsika.

Ntchito yanga inali pa kompyuta yaikulu imene ankaitcha menifuremu, makabati ataliatali m'chipinda chozizira chimene ine ndinkalowamo mwa apo ndi apo. Makinawo anali amodzi, koma mkati mwake munkakhala makompyuta ambiri ongoyerekezera, aliyense ndi ntchito yake: wina wa penshoni, wina wa inshuwalansi ya magalimoto, wina woyeserapo zinthu zatsopano. Amenewa tinkawatcha alendo. Pansi pa onsewo panali pulogalamu imodzi yowagawira malo ndi nthawi, haipavaiza, imene ine m'mutu mwanga ndinkangoitcha woyang'anira.

Chimene chinandikopa pa ntchitoyi n'choti mlendo aliyense analembedwa kalekale ngati mwini makina, ndipo sankadziwa n'komwe kuti ali ndi anzake. Zambiri zimene ankachita, monga kuwonkhetsa, kuchotsera ndi kusuntha manambala, makina ankangomulola. Koma panali malamulo ena amene ndi a mwini yekha: kusintha wotchi ya makina, kulankhula ndi disiki mwachindunji, kutseka gawo la memore, mmene makina amasungira zinthu, kuimitsa makina onse kuti adikire. Mlendo akangopereka lamulo lotere, makina ankamuimitsa pomwepo n'kuitana woyang'anira. Woyang'anira ankaona kuti wapempha ndani, akufuna chiyani, nanga zikhudza anzake bwanji. Kenako ankamuchitira chinthucho m'njira yosapweteka wina, n'kuika yankho pamalo pamene mlendoyo ankaliyembekezera, n'kumusiya apitirize. Mlendo ankapitiriza ali wokhutira kuti wachita yekha.

Chitsanzo chimene tinkakhala nacho tsiku ndi tsiku chinali cha wotchi. Mlendo woyeserapo uja tinkamuuza kuti akankhire wotchi kutsogolo ifike chaka cha 2000, tione chimene chigwe. Iye ankapereka lamulo, woyang'anira n'kumugwira dzanja, n'kungosunga pambali kuti wotchi ya ameneyu ili patsogolo mwakuti, koma wotchi yeniyeni osaikhudza. Woyeserayo ankakhala m'chaka chake chatsopano, pamene wa penshoni pambali pake akupitiriza kulipira nkhalamba m'chaka chenicheni. Panalinso alendo ena olembedwa chaposachedwa amene ankadziwa kuti ndi alendo. Amenewa sankadikira kugwidwa dzanja, ankaitana woyang'anira okha, n'kutchula nambala ya pempho lawo.

Ine anandilemba kuti ndilembe buku la zonsezi. Munthu amene ankadziwa woyang'anirayo kunja ndi mkati anali a Piti, mzungu wachikulire wa ndevu zofiirira ndi fodya, amene anatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Kwa zaka zambiri anali atawonjezera timapempho tawo ndi tizigamba tawo, osalemba paliponse. Ndinawakakamira ngati nkhupakupa. Pempho lililonse ndinkafuna lilembedwe momveka: mlendo aike chiyani m'kabokosi kati ka manambala, yankho akalipeza pati, ziro ndiye kuti zatheka, nambala ina ndiye kuti wakanizidwa, ndipo akakanizidwa achite chiyani. A Piti ankadana ndi gawo lomalizali. Ankati mlendo wolembedwa bwino sakanizidwa. Ine ndinkati pakhomo pokanizira ndi pamene anthu amagwera, ndipo sindinkachoka patebulo pawo mpaka atandiuza.

Tsiku lina ndikutsata zimene mlendo wa penshoni ankachita m'mawa uliwonse, ndinaona kuti amatumiza lamulo kwa makina osindikizira amene sindinawaonepo m'nyumbamo. Ndinafunsa, ndipo anandiuza kuti makinawo anagulitsidwa kalekale. A Piti anali ataika kachigamba koti woyang'anira akagwira lamulolo, azitumiza zosindikizazo kwina, koma kwa mlendo aziyankha ngati makina akale aja alipobe. Mlendo wokalambayo anakhala zaka akulankhula ndi chinthu chimene kulibe, ndipo ntchito inkayenda. Akanabwera munthu wina n'kusintha woyang'anira asakudziwa kachigambako, nkhalamba za penshoni zikanadzuka tsiku lina popanda makalata awo.

"Nanga bwanji simunalembe zimenezi?" ndinawafunsa, titaima panja iwo akusuta.

Anayang'ana fodya wawo kanthawi. "Ndinkati ndidzakhala ndilipo," anatero.

Ndinakakalemba kachigambako tsiku lomwelo, ndi zonse zimene kankachita.

Ndalama ndinkatumiza kumudzi kudzera mwa dalaivala wa basi, ndipo sindinama, zinali zabwino kuposa za ku Limbe, ngakhale lendi ndi maloko a pachitseko zinkadya gawo lake. Kumudzi ankayankha ndi kaseti, poti amayi sankalemba. Bambo ankalankhula pakaseti ngati ali pawailesi, kuyamba ndi moni wa chiyankhulo cha makolo awo. "Moseliwa, Agi. Kuno ndaumba njerwa. Ndawotcha. Ndagula malata." Amayi ankabwera kumapeto, tepi itatsala pang'ono kutha, kunena za nyemba za kalongonda zimene zachita bwino chaka chimenecho, ndi kundikumbutsa kuti ndizivala juzi. Makasetiwo ndinkawamvera mobwerezabwereza mpaka ndinaloweza ndi pamene tambala ankalira kumbuyo. Nyumba ya njerwa inaima pamalo a amayi, ine ndikunyadira kuti ndalama zanga ndi manja a bambo zachita zimenezo.

Chaka cha 2000 chinafika, dziko silinagwe. A Piti anapuma pa ntchito, ine anandiwonjezera zaka za ntchito, ndipo anthu anayamba kubwera patebulo panga ndi mafunso amene kale ankapita nawo kwa iwo. Ndinkaikonda ntchitoyo, ndinene poyera. Kumudzi ndinkabwera pa Khirisimasi ina ndi ina, nditanyamula mabulangete ndi mapoto, osakhalitsa n'kubwerera. Kenako mlongo wanga wamkulu anaimba telefoni kuchokera paboma kunena kuti amayi akudwala, ndibwere. Basi ya ku Joni ilibe changu cha munthu. Ndinafika ataika kale maliro.

Anthu a pamaliro atabalalika, alongo anga awiri anabwerera kwa akazi awo, wina ku Mulanje wina ku Chiradzulu, poti nawonso ndi akamwini kumeneko. Mwana wamkazi m'nyumba mwathu ndine ndekha. Tinatsala awiri, ine ndi bambo. Ndinkamva manong'onong'o pachitsime onena za kusudzula, mwambo uja womasula mwamuna amene mkazi wake wamwalira kuti abwerere kwawo, koma sindinawaikire kumtima. Munthu wa imvi, womanga nyumba imeneyi ndi manja ake, angamutumize kuti? Maganizo anga anali pa tchuthi changa chimene chinali pafupi kutha.

Kuseri kwa nyumba kunali bulugamu wamkulu wopendekera, ndipo mphepo ikawomba kuchokera kuphiri, nthambi zake zinkakwecha malata. Madzulo ena bambo anauyang'ana mtengowo nati, "Ndikuganiza zogwetsa bulugamu uyu mvula isanayambe." Atatero anatenga nkhwangwa ndi mwala wawo uja.

M'mawa mwake ndinadzuka kupita kuboma kukaimba telefoni ku Joni, kupempha kuti andiwonjezere masiku. Njira yachidule yopita kumsewu kumene kumaima njinga za hayala imawoloka khwawa n'kudutsa pakhomo pa amalume, ndiye ndinadzera momwemo, osaima. Paboma ndinadikira nthawi yaitali, telefoni ikudukaduka, ndipo ndinabwerera masana mutu ukuwawa. Ndinapeza bambo ali pomwe paja, akunolabe.

"Ababa, nkhwangwayo itha ndi kunola," ndinatero. "Gwetsani mtengowo."

Anandiyang'ana kanthawi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka koyamba chichitikire maliro. Anaitana abambo awiri oyandikana nafe kuti agwire chingwe. Dzuwa lisanapendeke kwambiri, bulugamu anali pansi, kutali ndi malata, ndipo bambo ankatema nthambi akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

Amalume a Fanuwelo si munthu waukali. Amakonza njinga pansi pa mtengo pamphambano, ndipo amalankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anabwera tsiku lotsatira, napereka moni kwa alamu awo, nafunsa za thupi, za mtengo osatchula n'komwe ngakhale unali utagona pamaso pawo. Pochoka anati ndiwaperekeze. Titafika pakhwawa anaima.

"Aginesi, bulugamu uja anadzala ndi agogo ako," anatero. "Ndiye malire a munda wa amayi ako ndi wa amayi ako aang'ono. Tsopano azimayi a mbumba akuti mkamwini wayamba kugwetsa mitengo manda asanaume, mawa agulitsa munda. Akuti asudzulidwe msanga, azipita."

"Apite kuti, amalume?"

"Ndi funso limene ndakhala ndikuwafunsa ine. Ndinali nditawagwira mtima. Koma mtengo uwu wandithyola miyendo."

Ndinapsa mtima. Ndinati bambo akhala akudzala ndi kudula pakhomo paja moyo wanga wonse, sanapemphepo munthu, bwanji lero mtengo umodzi ukhale mlandu? Amalume anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wachisoni.

"Nanga nandolo uja mlongo wanga ankabwera naye kwathu, iwe unkati ife tilibe nandolo?"

Anandiuza zonse titaima pomwepo. Amayi ankafika ndi lichero, kupereka kwa alamu awo, kukhala pamphasa, n'kunena kuti alamu anu akuganiza zakutizakuti. Amalume ankazungulira kwa azimayi a mbumba, kumva amene akhudzidwe, kusintha pofunika kusintha, n'kupereka yankho. Mango aja anadzera mmenemo, khola la mbuzi linadzera mmenemo, njerwa nazo chimodzimodzi, ndipo malo omangapo nyumba anachita kusunthidwa pang'ono kuti njira ya kuchitsime isatsekeke. "Ngakhale ulendo wako wa ku Joni," anatero amalume. "Mwana wamkazi mmodzi yekha wa mlongo wanga sakanangonyamuka ife osamva. Panali mawu ambiri tsiku limenelo."

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Ndinkakumbukira mlendo wa penshoni uja, ndipo ndinawamvera chisoni bambo anga, chisoni chopweteka. Ndinkati munthu wakalamba akuyesa kuti ndi mwini, osadziwa kuti dzanja lake linkagwidwa nthawi zonse, ndipo amene ankaligwira mwaulemuyo wapita. Poti ine ndimakhulupirira kuti chinthu chizinenedwa momveka, ndinatsimikiza kukawauza.

Ndinawapeza pakhonde, nkhwangwa ataibisa kale m'nyumba. Ndinakhala pansi.

"Ababa, pali chinthu chimene amayi ankachita, chimene inu simunkachidziwa."

Sanandilole kumaliza. "Sunaime kwa amalume ako m'mawa muja?" anafunsa.

"Ayi. Ndinkapita kuboma kukaimba telefoni."

"Ndinakuona ukuwoloka khwawa," anatero motsitsa. "Ndinakuonanso ukubwera njira yomweyo. Utati gwetsani, ndinati mwana wadziwa njira ya amayi ake."

Kenako anapitiriza.

"Agi, ine ndinabwera pano ndi mphasa ndi khasu basi. Sindinaiwale tsiku ndi limodzi lomwe kuti dothi ili si langa. Iwe unkayesa kuti ndimanola chikwanje chifukwa n'chobuntha? Ndinkapereka mpata kwa amayi ako kuti apite n'kubwera."

Ndinafunsa kuti bwanji sankangopita okha kwa amalume, n'kunena chimene akufuna, nkhani n'kutha.

"Ndikapita ndekha, alamu n'kundikaniza pamaso, tingakhalenso benchi imodzi kutchalitchi? Amayi ako akabwera n'kuyamba kulankhula za ntchitoyo, ndinkadziwa kuti zatheka. Akabwera n'kuyamba nkhani ya nkhuku, ndinkadziwa kuti zakanika, ndiye ndinkati ndasintha maganizo. Ine sindinapemphe, alamu sanandikanize. Ukukumbukira za nkhumba zija?"

Ndinkakumbukira. Ndili mwana bambo anafuna kuweta nkhumba kumunsi kwa munda, pafupi ndi chitsime. Ananola nkhwangwa yodulira mitengo ya khola, kenako tsiku lina anangoti nkhumba n'zonunkha, asintha maganizo. Ife ana tinawaseka kuseri.

"Munagwirizana liti zimenezi ndi amayi?" ndinafunsa.

"Sitinakambiranepo," anatero. "Zinangoyamba."

Sindinafunse chifukwa chimene amayi sanandiuzire. Yankho lake ndinali nditalimva kale ku Joni, panja pa ofesi, kwa munthu wosuta fodya.

Ndinapitanso kwa amalume, ulendo uno n'kukhala pamphasa monga munthu. Ndinawauza kuti mawu ogwetsa mtengo anachokera kwa ine, ndipo zinali zoona. Ndinati mitengo yonse ya bulugamuyo ipite kwa amayi aang'ono akafolerere nyumba yawo. Amalume anati zimenezo zithandiza pa mtengo, koma pa bambo sizikwana.

"Mkamwini amakhala chifukwa cha mkazi wa pamalopo," anatero. "Amayi ako apita. Mwana wamkazi ndiwe wekha. Ukakhala, bambo ako tiwasudzula mwamwambo, koma akhala pakhomo pako, ndipo palibe angatsegule pakamwa. Ukabwerera ku Joni, ine ndilibe mawu owatetezera."

Ndinayesa njira zonse za munthu wa m'tauni. Ndinati ndizitumiza ndalama monga kale, ndilembe wantchito woti aziwaphikira, ndiziimba telefoni pa chilichonse chofuna yankho.

"Telefoni ili kuboma," anatero amalume. "Ndipo azimayi aja safuna mawu ochokera kutali. Akufuna aone utsi ukutuluka m'khitchini ya mlongo wanga, wosonkha motoyo akhale wa mbumba."

Zinandiwawa, sindibisa. Ndinali nditavutikira malo anga ku Joni, kuzizira ndi kunyozedwa m'matakisi, ndipo ndinali nditafika poti anthu akatchula woyang'anira uja ankatchulanso dzina langa. Ndinawafunsa bambo ngati angalole kupita nane. Anaseka, nati m'nyumba yosanja munthu amalima pati? Kenako nkhope inasintha.

"Usataye ntchito chifukwa cha ine, Agi," anatero. "Ndipita ku Michesi."

"Kwa yani, ababa?"

Anangoyang'ana kuphiri, ndipo ine ndinayang'ananso komweko. Ndinapitako kamodzi ndili mtsikana, bambo akutionetsa pamene panali nyumba ya amayi awo. Panali mwala waukulu kuposa nyumbayo, ndi udzu.

Ndinakweranso njinga ya hayala kupita kuboma. Bwana wanga wa ku Joni atamva kuti sindibwereranso ku ntchito, anafunsa kuti nanga woyang'anira uja adzamudziwa ndani. Ndinamuuza kuti zonse zili m'buku, pempho lililonse, yankho lililonse, ndi zimene mlendo achite akakanizidwa, ngakhale kachigamba ka makina osindikizira kali momwemo. Ndikulankhula choncho ndinazindikira kuti ndinatha zaka zonsezo ndikukonza zoti ndidzathe kuchoka popanda kugwetsa kanthu. Ndinapita ku Joni kamodzi kukatenga katundu ndi kutsanzika mayi wa ku Zimbabwe uja, amene ndinacheza naye kwambiri tsiku limenelo kuposa zaka zonse zimene tinakhala limodzi.

Mwambo wosudzula unachitika, ndipo bambo sanapite kulikonse. Panopa ndili ndi kashopu paboma, kompyuta imodzi ndi makina osindikizira, kumene ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati. Ndimapita pa njinga m'mawa, kubwera madzulo. Anthu akamati, "Mumataipa eti?" ndimavomera ndi mtima wonse, poti tsopano n'zoona. Ndalama zake n'zochepa, ndipo masiku ena magetsi akazima ndimakhala pampando kukumbukira chipinda chozizira chija, mtima n'kumawawa pang'ono. Kumudzi kumene ndinkakuona ngati malo amene zinthu zimangochitika zokha, ndinapeza kuti chilichonse chinali ndi munthu wochinyamula, ndipo pakhomo pathu munthuyo anali amayi.

Mvula yoyamba itayandikira, bambo anaima kuseri kwa nyumba pamene panali bulugamu paja, manja kumbuyo. Madzulo tili pakhonde anakhosomola.

"Ndikuganiza zodzala mango pamalo paja," anatero. Atatero anatenga khasu ndi mwala.

M'mawa ndinatsitsa lichero la amayi, ndinathiramo nandolo, n'kuwoloka khwawa. Ndinapereka lichero kwa akazi a amalume, ndinakhala pamphasa, n'kunena kuti alamu anu akuganiza zodzala mango pamalire. Amalume anapita kukamva kwa amayi aang'ono, ine ndikudikira. Atabwera anapukusa mutu. Anati mango pamalire ndi ndewu ya zidzukulu, zipatso zikagwera mbali iyi ndi iyo. Pabwerere bulugamu, ndipo adzale ndi amayi aang'ono eni ake, mitima ikhale pansi.

Njira yobwerera inanditalikira. Pakamwa panga panali patadzaza kale mawu omveka bwino, oti ababa, akana, chifukwa chake ndi ichi ndi ichi. Ndinawapeza pakhonde, khasu lili pamiyendo, likung'anima. Sanandifunse kanthu. Ndinapachika lichero pamalo pake, ndinakhala pansi, n'kuyamba kufotokoza za nkhuku yamawanga imene yasiya kuikira m'chisa n'kumakataya mazira kuthengo, ndi kuti mwina tiimange mwendo kwa kanthawi.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, ngati nkhani yaikulu. Kenako anaika khasu pansi.

"Mango amachedwa kubereka," anatero. "Ndasintha maganizo."

Anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kundifunsa kuti nkhukuyo ndi iti.